A Kamwendo, telala amene anandiwonongera kafukufuku

Mwezi uno chatha chaka chimwalirireni a Kamwendo a ku Nsambe, koma ine kukangana nawo sindinasiye. Ndikakwera njinga yamoto kulowera kumapiri kumeneko, ndimangozindikira ndikuwayankha chamumtima pa nkhani imene inachitika zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Mayankho a masiku ano ndi abwino kuposa amene ndinawapatsa ali moyo. Vuto ndi loti munthuyo sanandilolepo kumaliza mawu, moti ngakhale m'maganizo mwangamo amandidula pakamwa.

Za imfa yawo ndinamva kwa a Saidi, eni golosale imene a Kamwendo ankasokera pakhonde pake. Anandiimbira foni m'mawa ndili ku ofesi pa Boma.

"Mayi, anzanu aja atisiya."

"Anzanga ati, a Saidi?"

"Aja mumakangana nawo aja."

Sindinafunsenso.

Ntchito yawo yeniyeni inali utelala. Koma kwa zaka zoposa makumi awiri analinso wodzipereka woteteza ana m'midzi yozungulira Nsambe. Mwana akamenyedwa mopitirira, akasiyitsidwa sukulu kapena akasowa womulera, nkhani inkayambira kwa iwo isanafike kwa ife a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Papepala iwo anali pansi pa ine. Zimenezi palibe tsiku limene anazivomera. Dzina langa ankalidziwa bwino lomwe, koma ankanditcha "a Boma", ndipo ankalitchula ngati mmene munthu amatchulira matenda amene wakhala nawo nthawi yaitali.

Anali wamfupi, wowonda, wa mawu aakulu kuposa thupi. Jekete lawo anasoka okha ndi nsalu zotsala, matumba awiri osafanana mtundu. Tepi yoyezera sinkachoka m'khosi, kaya ndi kumsonkhano, kaya ndi kumaliro. Ankalankhula mapini ali pakamwa, ndipo ukanena kuti sunamve, ankabwereza mokweza mapini ali pomwepo.

Ankakonda kunena kuti tepi yawoyo imadziwa ana a m'deralo kuposa mafayilo onse a pa Boma. Ana ambiri ankasoketsa yunifomu kwa iwo, ndiye miyezo yawo ankaisunga m'kabuku. Mwana akabwera chaka chino chiuno chili chimodzimodzi ndi cha chaka chatha, ankadziwa kuti kunyumba kuli njala kapena matenda. Mtsikana akabweretsa diresi pakati pa teremu kuti alikulitse, ankatuma akazi awo kukacheza naye. Mwana akapanda kubwera n'komwe, ankaphimba makina n'kupita kukamufuna. Ine ndinkawauza kuti zonsezo n'zabwino, koma azilemba pa fomu. Fomu sankalemba. Malipoti awo ankabwera pa katoni ya sopo yochokera m'golosale ya a Saidi, olembedwa ndi pensulo, atachedwa ndi miyezi iwiri, ndipo theka lake linkakhala lodandaula za ife.

Foni ankangofulasha. Ukawaimbira, moni panalibe. Ankangoti, "Bwerani," n'kudula. Kuchoka pa Boma kukafika ku Nsambe nthawi ya mvula si ulendo woti munthu n'kungodzambatuka, koma ukaimbanso kuti umve chimene chagwa, unkapeza foni atazimitsa kale, ati kusunga moto. Kawiri konse ndinafika matope ali m'mawondo n'kupeza nkhani atathana nayo. Anangondiuza kuti boma pomafika, mwana amakhala atamera ndevu.

Kumisonkhano tinkachita kuopa kuwaitana. Tsiku lina alendo a bungwe lina anatisonkhanitsa pa Boma n'kutigawa m'magulu kuti tijambule mtengo papepala lalikulu, mizu yake ikhale zoyambitsa mavuto a ana, nthambi zikhale zotsatira zake. A Kamwendo anakweza dzanja n'kufunsa ngati mtengowo ubereke njinga ya mwana wolumala amene anamulembera lipoti kalekale. Alendo anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Iwo sanaseke, ndipo dzanja silinatsike mpaka nthawi ya tiyi. Amene anakapepesa kwa alendo aja ndine.

Kafukufuku amene tinayambanirana anali wamng'ono. Ndinkaphunzira pa koleji ina ku Blantyre ndili pantchito, ndipo kuti ndimalize ndinkayenera kufufuza nkhani imodzi ya kuntchito kwanga n'kuilemba. Ndinasankha kufufuza mmene ana amasiye akukhalira m'manja mwa achibale. Ndinkafuna kucheza ndi mabanja makumi atatu m'masabata asanu ndi limodzi. Aphunzitsi anga anavomereza mafunso, akuluakulu a ku ofesi anandilola, mafumu ndinawadziwitsa. Chinatsala ndi munthu wondilondolera makomo, ndipo ku Nsambe munthu woteroyo anali mmodzi yekha.

Tsiku loyamba ndinalemba mayina a mabanja onse olera ana amasiye pa timapepala, n'kutipinda, n'kutiponya m'beseni limene ndinabwereka kwa a Saidi, kuti nditole makumi atatu mwa mayere. A Kamwendo anaimitsa makina.

"Kodi a Boma, mukuchita chiyani pamenepo?"

Ndinawafotokozera kuti posankha mwa mayere sipakhala kukondera, ndipo zimene wapeza zimaimira dera lonse.

"Ndiye beseni lidziwe kumene kuli mavuto, ine ndili pompano?"

"Sindikufuna kumene kuli mavuto kokha, bambo. Ndikufuna ndimve kwa onse."

"Amene zikuwayendera mukawafunsa chiyani? Mukawayamikire?"

Mayere ndinatola ndithu. Koma tikayamba kuyenda, ndinkangozindikira tili pakhomo limene silinali pamndandanda wanga. Ankati ndi njira yachidule. Njira yachidule ya a Kamwendo inkadutsa pakhomo lililonse limene linkawadetsa nkhawa, ndipo ukafika pamenepo sukanangodutsa, chifukwa mpando autulutsa kale, mbatatesi yowiritsa ili m'mbale. Dzuwa linkapendeka ine nditacheza ndi mabanja atatu amene sindikanawalemba, ndi limodzi lokha limene ndinadzera.

Masiku anga omasuka anali Lachisanu masana ndi Loweruka. Iwo anali a mpingo wopembedza Loweruka, ndipo Sabata ankalisunga mosanyengerera. Dzuwa likangolowa Lachisanu sankagwira singano, sankanyamula ngakhale pepala. Ndinawapempha kuti andilole kuyenda ndi munthu wina Loweruka. Anavomera mosavuta, moti ndinadabwa. Loweruka lake ndinayenda makomo atatu, ndipo onse anandiuza mwaulemu kuti a Kamwendo anawatsina khutu kuti mlendo wa mapepala asamuyankhe iwo palibe. Ndinayamba kupempha tchuthi pakati pa sabata.

Tinagwirizana kuti azindifikitsa pakhomo, azindidziwitsa kwa eni nyumba, kenako azikakhala patali. Patali pa a Kamwendo panali mapazi asanu. Ndikafunsa kuti ana amadya kangati pa tsiku, mayi n'kuyankha kuti katatu, kunkamveka kutsokomola. Mayi uja n'kusintha kuti kawiri. Kutsokomolanso. Ndinkafufuta mpaka pepala kubooka, osadziwa ngati ndikulemba yankho la mayiyo kapena la chifuwa cha a Kamwendo. Funso lina, lofunsa ngati mwana wamasiye amapatsidwa ntchito zambiri kuposa ana a pakhomopo, ankati ndi lopusa chifukwa palibe angavomere, bola ndiziyang'ana m'manja mwa anawo. Apa anali ndi mfundo, ndipo n'chifukwa chake zinkandiwawa. Tsiku lina ndinapeza mapepala anga asanu osalemba atawadula n'kupangira patani ya kolala.

Chimene ankadana nacho koposa ndi tsamba la chilolezo. Ndisanayambe mafunso ndinkayenera kumuwerengera munthu tsamba lonse: kuti ndine ndani, kuti sakukakamizidwa, kuti palibe thandizo limene alandire chifukwa choyankha, ndiponso kuti zonena zake ndi zachinsinsi. Ndime yomaliza inkati chinsinsicho chili ndi malire, ndikamva kuti mwana ali pangozi ndiyenera kukanena. A Kamwendo ankati tsambalo ndi lalitali kuposa ulaliki, anthu ali ndi minda yowadikira. Pakhomo lililonse ankausa moyo, kuyang'ana dzuwa, kugwedeza mwendo. Pofika sabata yachitatu ndinatopa nazo, ndinayamba kudumpha. Ndinkangoti, "Zonse zimene munene zithera pompano," munthu n'kudinda chala. Ndime yomaliza ija ndinaisiya ndine. Iwo ankandipanikiza, inde, koma pakamwa panali panga. Ichi ndinachivomereza kalekale. Iwo mbali yawo anamwalira nayo.

Khomo lakhumi ndi chinayi linali la mayi Nangozo, kuseri kwa phiri, kufupi ndi malire a Mozambique. Linali Lachisanu masana, nyengo yokumba mbatatesi. Mayiwa ankalera ana awo anayi pamodzi ndi Tadala, mwana wa malemu akulu awo. Tadala anali ndi zaka khumi ndi zitatu, ali Sitandade 6. Amuna awo, a Filipo, anali kudimba.

Mafunso anayenda bwino mpaka ndinafika pa lakuti, kodi mukuona kuti mwanayu adzakhala ali kuti chaka chamawa. Mayi Nangozo anayamba kukanda mphasa ndi chala.

"Mwati zithera pompano eti?"

"Pompano, mayi."

"Abambo akunyumba sazimva?"

"Sazimva."

Ndiye anafotokoza motsitsa mawu. Panali bambo wina wa kutsidya kwa malire amene ankabwera kudzagula mbatatesi, munthu wa akazi awiri kale. Anapangana ndi a Filipo kuti amutenge Tadala akhale wachitatu. Mwanayo anamunamiza kuti akukagwira ntchito ya m'nyumba. Tsiku lomutenga linali Lamulungu, ndiye kuti mkuja. Mayiwo atayesa kukana anamenyedwa, ndipo anandionetsa paphewa. Amalume ake a mwanayo, amene akanaletsa zimenezi, anali ku Joni, osamveka.

Nditatukula mutu, a Kamwendo anali ataimirira kale, chipewa chili kumutu. Ndinawathamangira n'kuwapeza kuseri kwa nkhokwe. Ndinawauza maganizo anga, ndipo mpaka lero ndimati sanali oipa. Ndikwere pamwamba pa phiri pamene foni imagwira, ndiimbire akuluakulu anga ndi apolisi, tidzabwere ngati kuti nkhaniyi taimva kusukulu kapena kumsika, mayi uja asadziwike.

"Mubwera liti?"

"Mawa. Zikavuta, mkuja m'mamawa."

"Zikavuta."

"Bambo, mayiwa ndawalonjeza. Mukapita kudimba panopa, a Filipo adziwa amene wanena. Awapweteka."

"Mwalonjeza ndinu. Ine sindinalonjeze munthu."

"Koma nkhaniyi mwaimva chifukwa cha kafukufuku wanga."

"A Boma, mayi aja polankhula amayang'ana ndani? Inu kapena ine?"

Nthawi yonse imene mayi Nangozo ankalankhula, maso anga anali papepala.

Anatsetsereka kulowera kudimba, ine ndili pambuyo, chikwama chikundimenya kumsana. A Filipo tinawapeza akulongedza mbatatesi m'matumba ndi anthu aganyu atatu. A Kamwendo sanapereke moni. Anaima pamzere n'kunena, aliyense akumva, kuti za Lamulungu akuzidziwa, kuti mwana wa zaka khumi ndi zitatu si thumba la mbatatesi, ndipo kuti a Filipo ngati akufuna kuona mkati mwa ndende ayerekeze. Kenako anandiloza n'kunena kuti boma ndi ili laima apali. Ine ndinangoti njo ndi mapepala anga, manyazi ndi mantha zitandigwira pamodzi. A Filipo anafunsa funso limodzi lokha.

"Wakuuzani ndani?"

A Kamwendo anati zimenezo sizikuwakhudza. Koma onse anayi anali atationa tikutsika kuchokera kunyumba kwawo.

Kuchoka apo a Kamwendo analunjika kuchitsime kumene Tadala ankatunga madzi. Anamuuza kuti atule ndowa, akakhale ndi akazi awo mpaka nkhani ithe. Mwanayo ankalira, sankamvetsa, ankati iye akufuna kupita kuntchito kuti akagule nsapato. Kuchoka kumeneko kukafika kwa a Kamwendo ndi ulendo wa maola awiri. Pamwamba pa phiri ndinaimba foni zanga zija, ndipo pamene tinkatsika dzuwa linalowa. Ndinawakumbutsa, mongofuna kuwabaya, kuti Sabata lawapeza panjira. Sananditembenukire. Anangosintha dzanja limene anamugwirira mwana.

Loweruka sanapite kutchalitchi, chinthu chimene anthu sankakumbukira kuti chinachitikapo. Anakhala pampando pakhomo pawo tsiku lonse, mwana ali m'nyumba. Ndipo pali chinthu chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero. Bambo wogula mbatatesi uja anabwera Loweruka lomwelo m'mawa pa njinga yamoto, osati Lamulungu. Atapeza mwana palibe, n'kumvanso kuti dzulo kunali a boma, anatembenuka osazimitsa injini. Ine ndi apolisi tinafika masana. Ndakhala ndikunena kuti munthuyo anafulumira chifukwa a Filipo anamuimbira atamva phokoso la kudimba lija. A Kamwendo ankati tsiku lake linali Loweruka kuyambira kale, mayi Nangozo anangouzidwa labodza. Palibe amene anadziwa zoona zake, ndipo tonse awiri tinkalankhula ngati tinalipo popangana.

Chimene ndinkaopa chinachitika. A Filipo anamenya akazi awo Lachisanu lomwelo mpaka kuwathyola mkono, ndipo atamva kuti apolisi akubwera anawoloka malire. Sanabwererenso. Anasiya ana anayi ndi dimba lokumbidwa theka. Ndinapita kukawaona mayi Nangozo kuchipatala. Anandiyang'ana kamodzi.

"Munati zithera pompano."

Anatembenukira kukhoma.

Kafukufuku anathera pomwepo. Mbiri inawanda kuti mayi wa mapepala amakunyengerera kuti ulankhule, kenako amakuitanira apolisi. M'makomo otsala, ena ankati eni nyumba apita kumaliro, ena ankayankha kuti zili bwino pa funso lililonse, ngakhale lofunsa zaka za mwana. Anzanga anamaliza maphunziro, ine ndinabwereza chaka. Aphunzitsi anga ndinawauza zoona za ndime imene ndinkadumpha ija, ndipo anandidzudzula moyenera.

Ndinapita pakhonde la a Saidi n'kuwalalatira a Kamwendo anthu akuona, chinthu chimene ndinali ndisanachitirepo munthu wamkulu. Ndinati mwandisandutsa wabodza, mwathyoletsa mkono wa mayi wosalakwa, mwasiya ana anayi opanda bambo, zonsezi chifukwa simutha kudikira tsiku limodzi kapena kutsitsa mawu. Iwo ankangopalasa makina. Nditamaliza anachotsa mapini pakamwa.

"Mwana ali kuti?"

"Ali kwanu. Si mwamutenga ndinu?"

"Ali kusukulu," anatero, n'kubwezera mapini.

Tinatha miyezi inayi osalankhulana. Malipoti a pa katoni ankabwerabe, ndipo tsopano ankayamba ndi mawu oti, kwa amene zikumukhudza.

Patapita nthawi a Saidi ndi amene anandiuza zimene zinachitika m'miyezi imeneyo. A Kamwendo anaphimba makina masabata atatu, anthu akudikira zovala zawo, n'kutenga amuna anayi a kumpingo kwawo kukamaliza kukumba mbatatesi ya mayi Nangozo. Ankanyamuka m'mawa uliwonse wapansi, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Mayiwo sanawathokoze. Ankakhala pachulu mkono uli m'khosi n'kumawanena tsiku lonse, iwo n'kumakumba. Nditawafunsa a Kamwendo za zimenezi, ndikuganiza kuti mwina apa ndi pamene avomere kuti analakwitsa penapake, anati anangopita kukawongola msana, kukhala pamakina kunawatopetsa.

Chaka chotsatira ndinalemba lipoti langa ndi makomo khumi ndi anayi omwe aja, n'kuwonjezera mutu wofotokoza zimene zinalakwika. A Kamwendo atamva kuti latha anafulasha. Ankafuna ndiwawerengere. Linali m'Chingerezi, ndiye ndinakhala pabenchi n'kumamasulira tsamba ndi tsamba. Ankandidula paliponse. Apa mwalakwitsa, ana aja si asanu, wina anali kwa agogo ake. Apa mayi uja anakunamizani. Nditafika pamene ndinalemba za munthu wina wodzipereka wa m'deralo, anaimitsa makina.

"Ameneyo ndani?"

"Ndinu, bambo."

"Nanga dzina langa lili pati?"

"Mayina sitilemba. N'chinsinsi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. A Saidi anaseka mpaka kugwira kauntala. Kenako a Kamwendo anati buku lopanda mayina silingathandize mwana aliyense, chifukwa wofuna kuthandiza sadziwa khomo loti agogode. Atatero anandiuza kuti ndiwasiyire lawo. Analikulunga m'pulasitiki n'kuliika m'dirowa ya makina, ndipo ndinamva kuti alendo akabwera ankawaonetsa, ati ndi buku limene analemba iwo mothandizidwa ndi a Boma.

M'zaka zawo zomaliza maso anafooka, ulusi ankachita kuwalowetsera pasingano a Saidi. Tinayesa kuwapumitsa pa ntchito yoteteza ana, tinasankha mayi wina wachitsikana wodziwa kulemba fomu. Iwo anabwera kumsonkhano womulandira, anamuombera m'manja, mawa lake anapitiriza ntchito ngati palibe chachitika. Mayi uja anagwira miyezi ingapo n'kubwera kudzandidandaulira kuti anthu akumudutsa pakhomo kupita kwa telala.

Masiku ano ophunzira akabwera ku ofesi kudzapempha kuchita kafukufuku, ndimawauza kuti tsamba la chilolezo aziwerenga lonse, mpaka ndime yomaliza, ngakhale wina atsokomole chotani. Amadabwa kuti za kutsokomola zabwera bwanji.

Kumaliro kwawo kunabwera anthu ambiri, ndipo ambiri mwa amene ananyamula bokosi anali anthu oti a Kamwendo anawakalipirapo. Tadala analipo, mwana ali kumbuyo. Nthawi ija anabwerera kwa mayi ake aang'ono patatha teremu imodzi, anaphunzira mpaka Fomu 2, n'kusiya, ndipo anakwatiwa atakula ndi kalipentala wa ku Ligowe amene anamusankha yekha. Anandipatsa moni wamba n'kubwerera kumoto kumene ankaphika. Mayi Nangozo analiponso. Anaimba nawo nyimbo zonse, ndipo pomwazikana anagwira chanza amayi onse amene tinakhala pamphasa imodzi, kupatula ine.

Sabata yatha ndinali ku Nsambe pa ntchito ina, ndiye ndinaima pa golosale ya a Saidi. Makina aja anatenga mwana wamwamuna wa a Kamwendo kupita nawo ku Blantyre. Pamene ankakhala patsala timaenje tinayi pasimenti ndi banga lakuda la oyilo limene silichoka ngakhale akolope. Anthu awiri apemphapo kale malowo, wina wotchaja mafoni, wina wometa, koma a Saidi akuti akuganizabe. Benchi lilipo. Akuti amayi amabwerabe kudzakhala pamenepo, nthawi zina ndi mwana, osanena kanthu, ndipo iwo sadziwa choti awafunse.

Ndili chikhalire, anafika mayi wina atagwira kamtsikana padzanja. Anaima pamasitepe, anayang'ana pamene panali makina, anayang'ana ine ndi chikwama changa. Ndinamupatsa moni, anayankha bwinobwino. Analowa, anagula mchere, n'kumapita. Kamtsikanako kanacheuka kamodzi.

"Ameneyo n'kachitatu sabata ino," anatero a Saidi. "Mchere ali nawo wambiri kunyumba."